Kapinga wa Malume: Gofu ndi Manja Amene Ankakonza Bwalo

Malume anga anabadwira kuno ku Feira, boma lisanasinthe dzina kukhala Luangwa, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa bwalo lina la gofu ku migodi. Mpikisano sanalowepo ngakhale umodzi, koma malamulo a masewerawo ankawadziwa kuposa katekisimu. Atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi anabzala kachigawo ka kapinga pakhomo, ndipo mwana akangokokapo khasu kapena njinga, ankakuwa ngati aona njoka. Ife tinkaseka. Kuno kumene Luangwa amathira m'Zambezi, mwezi wa Okutobala dzuwa limawamba nthaka mpaka kung'aluka, ndipo udzu ndi wa mbuzi ndi wofolera nyumba basi. Munthu wotunga madzi kumtsinje kuti akathirire udzu wosadyedwa tinkamuyesa wozungulira mutu. Ndinakula ndithu ndisanafunse kuti mwambo umene unawalowa m'magaziwo unachokera kuti.

Unachokera ku Scotland. Kumeneko gofu anakulira m'mphepete mwa nyanja, pa malo amchenga osalimika amene anali a mudzi wonse. Mu 1457 Mfumu James II inaletsa masewerawa poona kuti anyamata akusiya kuphunzira uta ndi mivi, koma anthu sanaleke. Malamulo oyamba olembedwa, khumi ndi atatu, anatuluka mu 1744 ku Leith, pafupi ndi Edinburgh. Ku St Andrews, kumene lero akuti ndi kwawo kwa gofu, pamalo omwe anthu ankamenyera mpira pankadyanso nkhosa, amayi ankayanikapo nsalu, ndipo akalulu ankakumbapo mauna. Mu 1797 akuluakulu a tauniyo, ndalama zitawathera, anagulitsa malowo ndipo anagwa m'manja mwa oweta akalulu. Osewera gofu ndi eni akalulu anakokana m'makhoti zaka zoposa makumi awiri, kufikira mu 1821 pamene James Cheape anagula malowo n'kuwasungira gofu. Mpaka lero bwalo lakale la St Andrews limatsekedwa Lamulungu lililonse, kupatula pa mipikisano ikuluikulu, kuti udzu upume, ndipo anthu wamba amayendapo ndi ana awo ndi agalu awo.

Ukadziwa zimenezi, mwambo wa pabwalo la gofu suonekanso wachilendo. Ndodo ikazula chibuma cha kapinga, umachitola n'kuchibwezera pamalo pake ndi kuchiponda. Ukalowa m'dzenje la mchenga, potuluka umafafaniza mapazi ako ndi reki. Mpira ukagwa kuchokera m'mwamba n'kusiya kachiboo pa gilini, pamene pali dzenje lolowetsamo mpira, umakonza pompo, chifukwa ukachedwa udzuwo umafa ndipo chipsera chimakhala milungu. Mnzako akamamenya umakhala chete, osaima pamene chithunzithunzi chako chingamugwere. Mpira wako ukalunjika kwa anthu umakuwa kuti abise mitu. Ngati gulu lanu likuchedwa, mumapatuka kuti a m'mbuyo adutse. Aliyense wokulira m'mbali mwa mtsinje amazidziwa kale zimenezi mwa njira ina: padooko sutsuka mapoto kumtunda kwa pamene anzako akutunga madzi akumwa, ndipo bwato sulisiya mopingasa pamene ena akocheze.

Ngakhale ku Scotland komweko, chisamaliro cha osewera pachokha sichinakwane. Mu 1864 Old Tom Morris, katswiri wa masewerawa amene anayamba ngati mnyamata wonyamula ndodo, anapatsidwa udindo woyang'anira bwalo la St Andrews, ndipo anaugwira pafupifupi zaka makumi anayi. Ndiye anatchukitsa njira yowaza mchenga pamwamba pa gilini kuti udzu ukhwime ndipo madzi asadekhe. Malume ankachita zomwezo ku migodi, dzina la Morris asanalimvepo.

Masewerawa anafika kwathu kuno m'katundu wa atsamunda. Ku Livingstone kalabu ya gofu inayamba mu 1908. Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali ndi bwalo lake. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, Lusaka Golf Club inatsegulidwa chaka chomwecho, kufupi ndi nyumba ya bwanamkubwa. Makampani a migodi anamanga mabwalo awo ku Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga, ndipo ku Nyasaland nako kunali a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba. Vuto linali limodzi paliponse: udzu wa ku Scotland umamwa mvula chaka chonse, pamene kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako kumwamba kumatseka. M'malo ambiri a mu Africa kumene madzi anali osowa, m'malo mwa gilini wa udzu ankathira mchenga wosakaniza ndi oyilo wakale wa galimoto. Wosewera asanagubuduze mpira, munthu ankayamba wasalaza njira yake pokoka chiguduli kapena chitsulo. Kumene kunali ndalama ndi mipope, monga ku migodi, anabzala kapinga ndi udzu wa kikuyu wochokera ku Kenya, n'kumalimbana ndi chiswe ndi dzuwa.

Feira inali boma laling'ono, lotentha, la malungo, ndipo Azungu okhalako anali owerengeka. Gawo lake m'mbiri imeneyi linali anthu. Apa panali powolokera pa ulendo wa kum'mwera: amuna ochokera ku Nyasaland ndi kum'mawa kwa dziko lino ankadutsa pano kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo Achikunda ndi Ansenga a kuno ankatsatira njira zomwezo, ena ku Salisbury, ena ku Lusaka ndi ku migodi ya mkuwa. Si onse analowa pansi pa nthaka. Ena anakhala ophika, ena olima maluwa, ena odula udzu pa makalabu.

Apa ndi pamene mwambo uja unasintha nkhope. Ku St Andrews unabadwa pa malo a anthu onse. Kuno unafikira m'kati mwa mpanda. Buku la malamulo linkanenabe kuti wosewera akonze chimene waononga, koma pabwalo panali kadi, mnyamata wonyamula chikwama cha ndodo, ndipo ndiye ankathamangira chibuma, kusalaza mchenga, kupukuta mpira ndi kulowa m'tchire kukafuna wotayika. Malume ankati bwana wabwino ankamudziwira pamenepa. "Iwe mphwanga," ankatero, "ukafuna kudziwa mtima wa munthu, umuone akatuluka mumchenga ngati atembenuka kuyang'ana mapazi ake." Ankati ambiri sankatembenuka. Munthu wodziwa bwalo lonse ngati chikhatho chake, wodziwa kumene mpira upendekere pa gilini aliyense, sankaloledwa kukhala membala, ngakhale kukhala pansi m'nyumba ya kalabu.

Kumene izi zinaonekera poyera dziko lonse likuona ndi ku South Africa. Papwa Sewgolum, Mmwenye wa ku Durban amene anaphunzira gofu ali kadi, anapambana Dutch Open katatu ku Ulaya, ndipo kwawo anapambana Natal Open mu 1963 ndi mu 1965, ulendo wachiwiriwu akugonjetsa Gary Player. Chithunzi chake chimene anthu amakumbukira ndi cholandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa lamulo la tsankho silinkamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Masewera amene amanyadira ulemu kuposa ena onse anachita zimenezo, ndipo amene anazichitawo sanaphwanye lamulo lililonse la m'buku la gofu.

Nkhani ya liwiro la masewera nayo imamveka mosiyana ukaimvera kwa wonyamula katundu. Maenje khumi ndi asanu ndi atatu ndi ulendo wa makilomita oposa asanu ndi limodzi, ndipo gulu la anthu anayi limayenera kuutha m'maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Wosewera wochedwa amakwiyitsa anzake a m'mbuyo, zoona, koma amene amamva kuwawa kwenikweni ndi amene waima padzuwa chikwama chili paphewa. M'zaka za m'ma 1930 akatswiri ena ankanyamulitsa ndodo makumi awiri kapena atatu, mpaka mu 1938 ndi 1939 mabungwe oyendetsa gofu ku America ndi ku Britain anaika malire a ndodo khumi ndi zinayi. Mu 2019 malamulo anakonzedwanso: nthawi yofunafuna mpira wotayika inatsika kuchoka pa mphindi zisanu kufika pa zitatu, wosewera akulangizidwa kuti asapitirire masekondi 40 pomenya, ndipo pa masewera ambiri amene wakonzeka akhoza kumenya osadikira kuti wakutali ayambe. Malamulo omwewo, koyambirira kwenikweni, amatchula kusamalira bwalo ngati udindo wa wosewera mwini.

Ufulu utabwera mu 1964, ena ankayembekezera kuti gofu apita ndi eni ake. Sizinatero. A Kenneth Kaunda anawakonda masewerawa, ndipo ku State House kunamangidwa bwalo la maenje asanu ndi anayi. Amene anawaphunzitsa n'kukonza mapulani a bwalolo ndi a David Phiri, amene anasewerera gofu yunivesite ya Oxford ndipo pambuyo pake anakhala kazembe ku Sweden ndi gavanala wa Bank of Zambia. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akatswiri a ku Ulaya ankathawa chisanu kwawo kudzasewera mipikisano ya mu Africa, ndipo Zambia Open inali umodzi mwa ikuluikulu. Ian Woosnam anaipambana mu 1985, zaka zisanu ndi chimodzi asanapambane Masters ku America. Bwalo la Nchanga ku Chingola linkawerengedwa pakati pa abwino kwambiri kunja kwa America. Mu 2006 Madalitso Muthiya wa ku Lusaka anasewera US Open ku Winged Foot, woyamba wa ku Zambia kufika pamenepo.

Ndimanyadira zimenezi, koma sindiiwala kuti kubiriwira kwa mabwalo a ku migodi kunkalipiridwa ndi mkuwa. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndipo migodi itagulitsidwa cha m'ma 2000, makalabu angapo anatsala opanda wowathirira, ndipo udzu wa zaka makumi ambiri unauma m'chilimwe chimodzi kapena ziwiri. Gilini amadulidwa pafupifupi tsiku lililonse, mamilimita ochepa chabe kuchoka pansi, ndipo udzu wofupika chotero sutha kupirira ludzu. Umafuna pampu, pampu imafuna magetsi, magetsi amafuna madzi a ku Kariba. Mu February 2024 boma linalengeza kuti chilala chafika pa tsoka la dziko lonse. Chimanga chinapserera m'minda ndipo magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. M'chaka chotero, munthu wa ku Luangwa amene watsika basi ku Lusaka n'kuona mipope ikuwaza madzi pa udzu kuseri kwa mpanda ali ndi ufulu wofunsa mafunso, ndipo a kalabu ayenera kukhala ndi yankho loposa kunena kuti chitsimecho n'chawo. Nawonso ali ndi mfundo: bwalo limadyetsa makadi, odula udzu ndi ophika, ndipo m'tauni imene mapuloti akudya dambo lililonse, ndi amodzi mwa malo ochepa otsala ndi mitengo ikuluikulu.

Malume anamwalira chilala chimenecho chisanafike. M'thumba la jekete lawo la kutchalitchi tinapezamo kachitsulo ka mano awiri, kotalika ngati chala, kamene amakonzera ziboo za pa gilini. Palibe pamaliropo amene anakadziwa ntchito yake. Azakhali ankayesa n'kotokosera m'mano. Kapinga wawo anakhala mpaka chilimwe chotsatira, ana atatopa ndi kutunga madzi, kenako mbuzi za apaneba zinamaliza.