Ndege 72 zomwe zidagulidwa kuti zisadzaulukenso

Anzanga a m'gulu lino, mukudziwa zomwe zimachitika kugalaja. Galimoto ikangokhazikidwa pa njerwa, amakanika amayamba kuizula pang'onopang'ono, lero nyali, mawa giyabokosi, kuti inzake iziyendabe. Zomwezi zidachitikira ndege yankhondo yotchuka ya ku Britain yotchedwa Harrier.

Tiyambire kumutu. M'zaka za m'ma 1950, maiko a NATO adali ndi nkhawa yoti nkhondo ndi Soviet Union ikadzabuka, mabomba oyamba adzagwera pa mabwalo a ndege. Nanga ndege yopanda pothamangira n'chiyani, si chitsulo chabe? Kampani ya Hawker idapanga ndege yoyesera, P.1127, yomwe idadzuka koyamba mu Okutobala 1960 ku Dunsfold. Idali yomangirira ndi zingwe, ndipo woyendetsa wake, Bill Bedford, adakwera mwendo uli m'chikhakha.

Chinsinsi chake chili pa injini ya Pegasus. Ili ndi mipopi inayi yotulutsira mphepo, iwiri mbali iliyonse, ndipo yonse imatembenuka. Woyendetsa akailozetsa pansi, ndege imanyamuka pomwe yaima ngati helikoputa. Akailozetsa kumbuyo, imaliyatsa liwiro ngati jeti ina iliyonse. Harrier idayamba ntchito mu 1969, ndipo asilikali ankatha kuibisa m'nkhalango za ku West Germany. Pa nkhondo ya Falklands mu 1982, mtundu wake wa pa sitima, Sea Harrier, udagwetsa ndege za Argentina pafupifupi 20, koma palibe Sea Harrier yomwe idagwetsedwa ndi ndege inzake.

Asilikali a US Marine Corps nawo adaikonda, mpaka kampani ya McDonnell Douglas idapanga ina yamphamvu, AV-8B. Koma mu 2003 fakitale idasiya kupanga ndegezi. Apa ndiye pagona nkhani. Fakitale ikatseka, sipeya iliyonse yotsala imasanduka golide, makamaka pa ndege yomwe injini yake imanyamula thupi lonse lachitsulo popanda thandizo la mapiko. Komanso F-35B, yomwe imayenera kulowa m'malo mwake, inkangochedwa.

Mu 2010 boma la Britain, pofuna kuchepetsa ndalama zomwe limawononga, lidapumitsa ma Harrier ake onse. Adauluka komaliza pa 15 Disembala. Mu Novembala 2011, ndege 72 zidagulitsidwa ku America pa mtengo wa madola 180 miliyoni. Gawani nokha: imodzi madola 2.5 miliyoni basi, chonsecho zambiri zidali zitangokonzedwa kumene. Adazitengera ku chipululu cha Arizona, komwe dzimbiri silichita changu, kuti azikazulako masipeya.

Kufunika kwa chitsulo chilichonse kudaoneka msanga. Mu Seputembala 2012, a Taliban adalowa mu Camp Bastion ku Afghanistan, n'kupha asilikali awiri a America ndi kuwononga ma AV-8B asanu ndi imodzi usiku umodzi. Zatsopano kodi akadaziona kuti?

Nanga ogulitsa aja? Britain idakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu jeti isanaterenso pa sitima yake, kufikira F-35B idatera pa HMS Queen Elizabeth mu Seputembala 2018. Nthawi yonseyi ma Harrier a America ankaulukabe, ena atavala ziwalo za abale awo a ku Britain.

Ndiye mukadzaona galimoto ili pa njerwa, musafulumire kunena kuti idafa. Yambani mwafunsa kuti ikuyendetsa zingati.