Mafunso ndi Mayankho: Chiyambi cha Mankhwala a Agrimony

Funso: Kodi agrimony ndi chomera chotani, ndipo kwawo kwenikweni ndi kuti?

Yankho: Agrimony ndi chitsamba chimene chimamera chokha m'madambo, m'mbali mwa misewu ndi m'mphepete mwa minda ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa, ndipo ngakhale tsinde lake limauma m'nyengo yozizira, mizu yake imakhalabe ndi moyo n'kuphukiranso chaka chotsatira. Chimatalika mpaka pafupifupi mita imodzi, ndipo pakati pa June ndi September chimatulutsa timaluwa tachikasu tondandalikana pamutu wautali wosongoka. Timaluwato tikafota, pamatsala tizipatso tokhala ndi timinga tokhota timene timakakamira ku ubweya wa nyama ndi ku zovala monga chimachitira chisoso, ndipo mbewu zake zimafalikira m'njira imeneyi. Akatswiri a zomera amachiika m'banja limodzi ndi duwa la rozi, maapozi ndi mapichesi. Gawo limene limagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala ndi masamba, tsinde ndi maluwa, zomwe zimadulidwa chomeracho chikuchita maluwa kenaka n'kuziumitsa.

Funso: Nanga mbiri yoti ndi mankhwala inayamba liti?

Yankho: Mbiri yolembedwa imayambira kwa Agiriki ndi Aroma, ndipo dzina la sayansi la chomerachi, Agrimonia eupatoria, limene Carl Linnaeus wa ku Sweden analikhazikitsa m'buku lake la Species Plantarum m'chaka cha 1753, limasunga chikumbutso cha nthawi imeneyo. Liwu lachiwirilo limachokera kwa Mithridates VI Eupator, mfumu ya dziko la Pontus, limene linali kumwera kwa nyanja ya Black Sea m'dera lomwe lero lili kumpoto kwa Turkey. Mfumuyi, yomwe inamwalira m'chaka cha 63 Yesu asanabadwe itamenyana nkhondo zitatu ndi Aroma, inatchuka chifukwa cha mantha ake oti idzaphedwa ndi chiphe, mantha amene anaichititsa kufufuza zitsamba ndi kusakaniza mankhwala otsirika thupi. Pliny Wamkulu, mlembi wachiroma amene anafa m'chaka cha 79 pamene phiri la Vesuvius linaphulika, anagwirizanitsa chomerachi ndi ulemu wachifumuwo, ndipo Dioscorides, sing'anga wachigiriki wa m'zaka zomwezo, analemba m'buku lake la De Materia Medica kuti chimathandiza odwala chiwindi, odwala kamwazi ndi olumidwa ndi njoka. Popeza bukuli linakopedwa ndi kuphunzitsidwa ku Ulaya ndi m'maiko a Aluya kwa zaka zoposa 1,500, mawu ake anasanduka chiphunzitso chimene alembi otsatira ankangochibwereza osachiyesa, ndipo ichi n'chifukwa chachikulu chimene dzina la agrimony linamatirira ku matenda a chiwindi ndi chikasu.

Ku England, mabuku a mankhwala a m'zaka za m'ma 900 amachitchula ngati mankhwala a mabala, ndipo ku France chinkasakanizidwa ndi zitsamba zina popanga madzi otsukira zilonda za asilikali owomberedwa ndi mfuti zakale zotchedwa arquebus. John Gerard m'chaka cha 1597 ndi Nicholas Culpeper m'chaka cha 1652 anabwereza nkhani ya chiwindi ija m'mabuku awo a zitsamba, pomwe anthu akumidzi ankakhulupirira kuti kuika chomerachi kumutu kwa munthu wogona kumamugonetsa tulo tofa nato, chikhulupiriro chimene chilibe maziko ena kupatula mwambo. Ena ankangochiphika ngati tiyi kapena kuchinyika pofuna utoto wachikasu wa nsalu.

Funso: Kodi m'chomerachi muli chiyani chimene chingachiritse?

Yankho: Mphamvu yake yodziwika bwino imachokera ku gulu la zinthu zotchedwa tannin, zimene zomera zambiri zimapanga podziteteza ku tizilombo ndi ku nyama zodya masamba. Tannin ndi amene amachititsa m'kamwa kuuma ndi kumangika munthu akamwa tiyi wowirira wopanda mkaka, ndipo ndi yemweyo amene anthu akhala akumugwiritsa ntchito pofufuta zikopa, chifukwa amagwirana ndi mapuloteni, omwe ndi zomangira za minofu, n'kuwaumitsa. Akakhudza khungu lonyowa la m'kamwa, la pakhosi kapena la m'matumbo, amapanga kachiphimba kopyapyala pamwamba pake, kamene kamachepetsa kutuluka kwa madzi ndi kunyerenyetsa, ndipo pabala laling'ono amathandiza kuti magazi asiye kutuluka. Apa mpamene pali kufanana ndi masamba a gwafa amene mabanja ambiri m'Malawi amawiritsa munthu akatsegula m'mimba, popeza nawonso ali ndi tannin wochuluka. Mtundu umodzi wa tannin wa m'chomerachi, wotchedwa agrimoniin, unapezedwa ndi akatswiri a ku Japan m'chaka cha 1982 m'chomera chachibale chotchedwa Agrimonia pilosa, chimene asing'anga a ku China amachitcha xian he cao ndipo amachipereka pofuna kuletsa kutaya magazi.

Funso: Kodi madokotala a masiku ano amavomereza ntchito zonsezi?

Yankho: Amavomereza zochepa chabe, ndipo zimene anasiya zimaphunzitsa zambiri kuposa zimene anatenga. Komiti yoona za mankhwala azitsamba ya bungwe la European Medicines Agency inatulutsa chigamulo chake m'chaka cha 2015, ndipo inalola kuti agrimony azigwiritsidwa ntchito pa kutsegula m'mimba kosaopsa, pochukucha m'kamwa ndi pakhosi pakatupa pang'ono, komanso potsuka khungu lotupa ndi timabala tapamwamba. Nkhani za chiwindi, chikasu ndi ululu wa njoka, zimene zinapatsa chomerachi ulemerero wake kwa zaka mazanamazana, sizinalowemo. Chofunika kumvetsa n'chakuti chilolezocho chili m'gulu la mankhwala ovomerezeka chifukwa cha mwambo, kutanthauza kuti maziko ake ndi umboni woti anthu akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zosachepera 30, kuphatikizapo zaka 15 m'maiko a European Union, popanda vuto lalikulu, osati kuti anayesedwa pa odwala ambiri n'kupezeka kuti amaposa kusamwa kanthu. Otsatsa malonda kawirikawiri amabisa kusiyana kumeneku, ndipo amalankhula ngati kuti kuloledwa kugulitsa ndi umboni wa kuchiritsa.

Kafukufuku wokhudza matenda a shuga wachitika makamaka pa mbewa ndi m'magalasi a mu labotale, ndipo woyesa chiwindi amene anachitika ku South Korea n'kusindikizidwa m'chaka cha 2018 anali wa anthu ochepa ndi wa milungu yowerengeka, kotero kuti zotsatira zake, ngakhale zinali zolimbikitsa, sizingakhale chifukwa choti munthu asiyire mankhwala a kuchipatala.

Funso: Kodi pali chiopsezo chilichonse?

Yankho: Komiti ya European Medicines Agency ija sinalimbikitse kuti ana osakwana zaka 12, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa azimwa chitsambachi, ndipo inalangiza kuti kutsegula m'mimba kukapitirira masiku atatu, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, wodwalayo aonane ndi dokotala. Chenjezoli ndi lolemera kwambiri kwa ana, chifukwa chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, zinthu zimene tannin sangabwezeretse, ndipo n'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza madzi a ORS pamodzi ndi zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Tannin wochuluka amathanso kudzimbidwitsa ndi kulepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'zakudya, nkhani imene ndi yofunika kwa munthu wochepa magazi.

Chiopsezo china chimachokera ku kusokonezeka kwa maina. Ku Ulaya kuli chomera china chotchedwa hemp agrimony, chimene dzina lake la sayansi ndi Eupatorium cannabinum, nachonso chotchedwa ndi dzina la mfumu ya ku Pontus ija, koma cha banja la mpendadzuwa ndipo maluwa ake ndi ofiirira motuwa, osati achikasu. Chomera chimenechi chili ndi chiphe cha gulu lotchedwa pyrrolizidine alkaloids, chimene chimawononga chiwindi chikamwedwa kwa nthawi yaitali, moti wogula zitsamba zouma, amene sangaonenso mtundu wa maluwa, amadalira dzina la sayansi lolembedwa paphukusi kuti asiyanitse ziwirizi.