Galasi Lokoka Zakutali: Mbiri ya "Zoom" Yotsika Mtengo

Kalelo munthu wofuna kujambula mbalame ili pansonga ya mtengo, kapena wosewera mpira ali pakati pa bwalo, ankanyamula magalasi a kamera awiri kapena atatu, lililonse ndi mtunda wake. Galasi limodzi lotha kusendeza chinthu pafupi ndi kuchibwezanso kutali, lotchedwa zoom, linafika pa makamera a filimu ya 35mm m'chaka cha 1959, pamene kampani ya Voigtländer ya ku Germany inatulutsa Zoomar. Chaka chomwecho, Nikon ya ku Japan inatulutsa lokoka zakutali la 85-250mm. Koma magalasi oyambirirawa anali olemera ndi okwera mtengo, ndipo akatswiri ambiri ankawanyoza kuti zithunzi zake zinkatuluka zachimbuuzi.

Amene anatsitsira galasili kwa anthu wamba anali makampani ang'onoang'ono. M'chaka cha 1961, kampani ya ku Japan imene lero ikutchedwa Tamron inayamba kupanga mochuluka galasi la 95-205mm. Pambuyo pake inakonza kachitsulo kolumikizira kotchedwa Adaptall, kuti galasi limodzi lizilowa pa makamera a mitundu yosiyanasiyana.

Chitonzo chija chinazilala chapakati pa zaka za m'ma 1970, pamene kunabwera Vivitar Series 1 ya 70-210mm. Mapulani ake anawalemba ku America Ellis Betensky, mothandizidwa ndi kompyuta. Chodabwitsa n'chakuti eni dzina la Vivitar sankapanga okha galasili. Poyamba linkapangidwa ku Japan ndi Kino Precision, kenaka Tokina, Komine ndi Cosina. Nchifukwa chake odziwa amayang'ana nambala yolembedwa pagalasipo: yoyamba ndi 22 ndi ya Kino, 37 ya Tokina, 28 ya Komine.

Tsono m'chaka cha 1985 Minolta 7000 inabwera ndi luso lolunjika yokha pa chinthu chojambulidwa, ndipo mu 1987 Canon inasintha polumikizira magalasi ake. Magalasi opotokola ndi dzanja anaponyedwa m'makabati, mtengo wake n'kugwa.

Lero ojambula pa filimu, ngakhalenso eni makamera a dijito, akuwafunanso. Wogula wanzeru salabadira dzina lokha. Amaunika m'kati ndi tochi kuti aone ngati mulibe nkhungu, pakuti chinyezi cha dzinja ndiye mdani wamkulu wa galasi lakale.