Chikombole Chosachotsa: Mbiri ya Nyumba Zosunga Kutentha

Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziŵa kuti chikombole chimachotsedwa dothi likangogwirana. Lero tikamba za chikombole china chimene amisiri a ku Ulaya anaganiza zochisiya m'khoma momwemo, kuti chikhale ngati chofunda cha nyumba.

Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse itatha mu 1945, mizinda yambiri ya ku Ulaya inali mabwinja okhaokha. Anthu anali kufuna nyumba msanga, koma amisiri ndi zipangizo zinali zosoŵa. Pamenepo panatchuka njira ya kampani ya Durisol ya ku Switzerland, youmba zidina zamphako ndi tizibenthu ta mitengo tosakaniza ndi simenti. Omanga ankasanja zidinazo popanda matope, nathira konkire m'mphakomo.

Kusintha kwakukulu kunachokera ku Germany. Mu 1949, Fritz Stastny wa kampani ya BASF anapeza njira yofufumitsira polystyrene, pulasitiki yoyera ndi yopepuka ija imene amatetezera katundu m'makatoni. Mwa magawo 100 a chinthu chimenechi, pafupifupi 98 ndi mpweya, ndipo mpweya wotsekeredwa sulola kutentha kudutsa msanga. Mu 1966, mmisiri wina wa ku Canada, Werner Gregori, analembetsa ku boma luso lake la chikombole cha polystyrene. Omanga amalumikiza zikombolezo, naikamo zitsulo, nathira konkire pakati. Konkireyo akauma, khoma limakhala lolimba, lofundidwa mkati ndi kunja komwe.

Poyamba anthu sanachite nazo chidwi kwenikweni, pakuti mafuta otenthetsera nyumba anali otsika mtengo. Koma mu 1973 maiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa kunja, ndipo m'miyezi yoŵerengeka mtengo unakwera pafupifupi kanayi. M'maiko a chisanu choopsa, mabanja anazindikira kuti khoma lotaya kutentha likuwadyera ndalama usana ndi usiku. Kuyambira nthaŵi imeneyo maboma anakhwimitsa malamulo a kamangidwe, ndipo pang'onopang'ono njira ya Gregori inapeza malo, makamaka ku Canada ndi ku United States.

Komabe tisabise: kupanga simenti kumatulutsa mpweya wambiri woononga chilengedwe, ndiponso kumanga motere kumafuna ndalama zochulukirapo poyamba. Funso limene mbiriyi yatisiyira ndi ili: kodi mtengo wa nyumba tiuŵerengere pa tsiku lomanga lokha, kapena pa zaka zonse zimene ana ndi adzukulu adzakhalamo?