Njuci ndi mavu: dera lililonse ndi khalidwe lake

Njuci ya ku Angónia ndi njuci ya ku Portugal ndi mtundu umodzi, umene akatswiri amaucha Apis mellifera. Koma khalidwe ndiye losiyana. Zathuzi n'zaukali: mukagunda mng'oma zimatuluka zambirimbiri n'kukuthamangitsani mtunda wautali. Zambiri za ku Ulaya sizipsa mtima msanga.

Cimene cinazisiyanitsa kwambiri ndi nyengo. Ku Ulaya kumazizira miyezi ingapo, duwa osaoneka ngakhale limodzi. Gulu limene silinasunge uci wokwanira limafa, ndipo kothawira kulibe cifukwa kulikonse n'cisanu. Motero njuci za kumeneko zimakhala phee pamalo amodzi, kumadya zimene zinasunga. Kuno adani ndi ena: cilimwe, moto wa m'thengo, linthumbu, ciuli, ndiponso ife anthu ofula uci. Njuci zathu zimateteza cisa mwamphamvu, ndipo zikaona kuti zavuta zimasamuka zonse, mfumukazi ndi gulu lake, kukafuna madzi ndi maluwa kwina. Ndiye mlimi akapeza mng'oma wopanda kanthu mu Okutobala, asafulumire kunena kuti wina wamucita cipongwe. Ayambe waona ngati pafupi pali madzi, ngati mng'omawo uli pamthunzi, komanso ngati pokolola anazisiyirako uci.

Khalidweli linaonekera bwino ku Brasil. Mu 1956 katswiri wina, Warwick Kerr, anatenga njuci ku South Africa ndi ku Tanzania, cifukwa za ku Ulaya sizinkacita bwino m'dziko lotentha lija. Mu 1957 magulu 26 anathawa n'kukakwatirana ndi njuci za kumeneko. Mbadwa zake zinafalikira mpaka kufika ku Texas mu 1990. Anthu anaziopa kwambiri, ndipo ena anafadi atalumidwa, komabe alimi a ku Brasil anaphunzira kuzisamala ndipo uci unaculuka. Kumene zinalephera ndi kumadera ozizira, monga kumwera kwa Argentina.

Nanga mavu? Amene timawadziwa kuno ndi aja a ciuno coonda, opacika kacisa kawo kudenga la khonde kapena pansi pa nthambi. Pa cisa cimodzi sakhala ambiri. Ku Ulaya ndi ku America kuli mavu ena, amizere yacikasu ndi yakuda, amene Aamerika amawacha yellow jacket. Nthawi zambiri amamanga pansi, m'dzenje, ndipo cisa cimodzi cimasunga mavu zikwi zingapo. Cisanu cikafika onse amafa, n'kutsala mafumukazi atsopano okha.

Mavu a mtunduwu atalowa ku New Zealand mu 1945 anapeza cisanu cofatsa. Zisa zina sizinafe, zinangokulirakulira mpaka kuposa msinkhu wa munthu, ndipo mpaka lero mavuwo amalowa m'ming'oma kuba uci ndi kupha njuci. Ku Cape Town anafikanso ca m'ma 1970, koma kumeneko akufalikira pang'onopang'ono.

Pa kaluma, mavu kulikonse ndi amodzi: amatha kuluma kangapo. Njuci imaluma munthu kamodzi, imasiya mbola n'kufa. Mbolayo icotseni msanga, poti ikatsala imapitiriza kuthira ululu. Munthu akatupa nkhope kapena pakhosi, kaya akuvutika kupuma, pitani naye kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale walumidwa kamodzi kokha.