Patel: Dzina la Nyakwawa Lomwe Linathera pa Khonde la Sitolo

Munthu akamakwera minibasi pa Njuli m'mamawa kupita ku Limbe kukapikula shuga, sopo ndi zitenje za pa okala yake, satchula dzina la amene akukamugula. Amangoti akukaoda kwa Amwenye. M'liwu limodzilo timakulungamo mabanja ambirimbiri, Asilamu ndi Ahindu, lililonse ndi kwawo. Komatu ife a ku Chiradzulu timadziwa kulemera kwa mfunda. Munthu akati ndine Mbewe kapena Phiri, watiuza kale za makolo ake. Nawo mayina a anzathuwa ali ndi mizu, ndipo limodzi mwa ofala kwambiri ndi la Patel.

Dzinali kwawo ndi ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo poyamba unali udindo. Patel anali mkulu wa mudzi, woyang'anira minda, wotolera msonkho wa mafumu aakulu, woweruza timilandu ta m'mudzimo. Kuno tikanamutcha nyakwawa. Alimi a mtundu wa Kanbi amene anali ndi gawo lawolawo pa malo a mudzi ankatchedwa Patidar, kutanthauza eni gawo. M'kupita kwa zaka udindo uja unamatirira pa ana ndi adzukulu mpaka kusanduka dzina la banja. N'chifukwa chake a Patel awiri atha kukumana mu Limbe popanda chibale chilichonse: wina Mhindu wa ku Charotar, chigawo cha fodya chozungulira Anand ndi Kheda, wina Msilamu wa ku Bharuch.

Nanga mlimi anasiyiranji khasu n'kuwoloka nyanja? Minda yogawana pakati pa ana inkacheperachepera, ndipo njala yoopsa ya 1899 mpaka 1900 inapulula anthu ndi ziweto ku Gujarat. Apa n'kuti njira ya kuno itatseguka kale. Harry Johnston anabweretsa asilikali achi Sikh mu 1891 ndipo ankafuna kuti amalonda a ku India nawonso abwere. Amalondawo ankatsikira ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja, n'kukwera ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndi ku Chiromo. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwe kampani ya Imperial Tobacco inakhazikika ku Limbe, tauniyo inayamba kukoka amalonda. Ena anapitirira mpaka ku Fort Jameson, lero Chipata.

Kuno mwana wa eni minda anapeza minda ikuluikulu ili kale m'manja mwa azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero. Chomutsalira chinali sikelo ndi kauntala. Agogo athu amaikumbukabe sitolo ya malata ya masiku amenewo: mchere, palafini, makasu, mikanda ndi nsalu mkati, telala pakhonde akupalasa makina ake a Singer. Sitolo ikakhazikika, mwini wake ankaitanitsa mphwake kuchokera kwawo. Mnyamatayo ankagwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kupatsidwa katundu wa ngongole kuti akatsegule yake kutsogoloko. Umo ndi mmene dzina limodzi linayalira m'misewu ya dziko lino. Ngakhale liwu loti rupiya, limene akuluakulu ankatchulira shilingi, linachokera ku ndalama ya ku India.

Sikuti zonse zinali zokoma. Ogwira ntchito m'masitolo ambiri ankadandaula ndi malipiro ochepa, ndipo malamulo a atsamunda anaika azungu, Amwenye ndi anthu akuda m'magulu osiyana, aliyense sukulu zake. Mpanda umenewo unasiya mabala amene sanapole onse.

Mu 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kokha. Masitolo ambiri akumidzi anasanduka mabwinja, ndipo wogula anayamba kulondola katundu kutauni, monga achitira wa pa Njuli lero. Mabanja ochuluka anasamukira ku Britain, makamaka ku Leicester, komwe anakakumana ndi anzawo othamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972.

Komatu dzinalo silinathere pa kauntala pokha. Vallabhbhai Patel, mwana wa ku Charotar wobadwa mu 1875, anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ya India dzikolo litalandira ufulu mu 1947, ndipo chiboliboli chake cha mamita 182, chotsegulidwa mu 2018, ndicho chachitali kuposa zonse padziko. Priti Patel, yemwe makolo ake anachokera ku Uganda, anali nduna ya zam'dziko ku Britain kuyambira 2019 mpaka 2022. Ku Zambia, Dipak Patel anali phungu wa Lusaka Central komanso nduna ya zamalonda. Kuno kwathu Rolf Patel anakhala nduna m'boma la a Bakili Muluzi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma banja limene labereka ana ndi adzukulu pano kwa zaka zoposa 100, lolankhula Chichewa pakauntala ndi pamsika, silingatchedwenso mame. Mlendo akafika pamudzi timamufunsa mfunda wake ndi kwawo. Amene takhala nawo nthawi yonseyi sitinawafunse mokwanira, nawonso sanatifunse mokwanira. Wa pa Njuli akadzapitanso kukaoda, n'kupeza dzina la Patel pa lisiti, adziwe kuti wagula kwa mdzukulu wa nyakwawa, mlimi amene makolo ake ankadikira mvula monga momwe ifenso timaidikirira.