Ulendo wa Madotolo Atatu Ofunafuna Malire a Khansa ya Ana

M'chaka cha 1957, pa chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala ku Uganda, adagonekapo mnyamata wa zaka 5 amene nsagwada zake zidatupa mbali zonse, m'mwamba ndi m'munsi momwe. Dotolo Hugh Trowell, amene ankamuyang'anira, adathedwa nzeru, ndipo adaitana mnzake wa ntchito ya opaleshoni, Dotolo Denis Burkitt, kuti adzamuone. A Burkitt adamupima mwanayo namujambula chithunzi, koma chithandizo choti n'kumupatsa adalibe. Patangopita masabata owerengeka, ali ku Jinja, adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi. Apa m'pamene adayamba kufunsa funso limene anzake sadalifunse: kodi ana otere ngochuluka bwanji, ndipo amachokera kuti?

A Burkitt adabadwira ku Enniskillen m'dziko la Ireland mu 1911. Diso limodzi lidawonongeka ali ndi zaka 11, ndipo adafika ku Uganda mu 1946 ngati dotolo wamba wa boma, wopanda mbiri iliyonse ya kafukufuku. Komabe adali munthu wosunga zolemba ndi zithunzi mosamala kwambiri. Atafufuza m'mabuku akale a chipatala, adaona kuti zotupa za m'nsagwada, za m'maso, za mu impso ndi za m'mimba, zimene madotolo ankaziyesa matenda osiyanasiyana, zinkapezeka pamodzi mwa ana omwewo. Mu 1958 adalemba za ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Ndi ochepa amene adasamalako. Pambuyo pake akatswiri opima zotupa ku Kampala, a Gregory O'Conor ndi a Jack Davies, adatsimikiza kuti nthendayo njimodzi, ya mtundu wotchedwa lymphoma, ndiye kuti khansa yoyambira m'maselo oteteza thupi. Lero imadziwika ndi dzina la a Burkitt, ndipo ili m'gulu la khansa zokula msanga koposa, pakuti chotupa chake chikhoza kuwirikiza kukula m'tsiku limodzi kapena awiri.

Ndi ndalama zochepa zedi, a Burkitt adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo natitumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse. Mayankho atabwera, adayamba kubaya timisomali pa mapu, ndipo padaoneka lamba wopingasa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kumwera chakum'mawa. Malire a mchirawo sadaoneke bwino pa mapu, motero padafunika kupitako ndi kukaona ndi maso.

Mu October 1961 adanyamuka ku Kampala pa galimoto yakale ya Ford pamodzi ndi anzake awiri, Dotolo Ted Williams wa ku mishoni ya Kuluva ndi Dotolo Cliff Nelson wochokera ku Canada. Kwa masabata 10 adayenda mtunda wa mailosi 10,000, nayendera zipatala zoposa 50 ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia, Swaziland ndi South Africa. Katundu wawo wa kafukufuku adali buku la zithunzi basi. Pa chipatala chilichonse ankalitsegula pamaso pa madotolo, manesi ndi othandiza awo, n'kufunsa ngati adaonapo mwana wotere ndiponso mudzi umene adachokera. Tisaiwale kuti mayankho amene adamanga mapu otchukawo adachokera kwa anthu amenewa, amene maina awo ambiri sadalembedwe paliponse.

Dziko lino lidawaphunzitsa zambiri, chifukwa kuno mapiri ndi zigwa zili moyandikana. M'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje ikuluikulu nthendayo inkadziwika bwino, koma akakwera kumtunda kozizira ankapeza anthu akupukusa mitu poona zithunzizo. Ataphatikiza zonse, adaona kuti ku Uganda nthendayo inkalekeza pa mapazi 5,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kuno ndi ku Rhodesia pa mapazi 3,000, ndipo kumwera kwenikweni pa mapazi 1,000 okha. Malire amene amatsika munthu akamapita kumwera sangakhale a kutalika kwa phiri. Ndi a kuzizira. A Alexander Haddow, katswiri wa tizilombo ku Entebbe, adathandiza kuonetsa kuti nthendayo inkasowa kumene kumazizira kupyola madigiri 15, ndipo ulendo wina wa kumadzulo kwa Africa udasonyeza kuti inkasowanso kumene mvula siifika mainchi 20 pa chaka. Kutentha ndi chinyezi ndiwo moyo wa udzudzu. Choncho ambiri adaganiza kuti pali kachirombo kamene udzudzu umafalitsa.

Ganizolo lidali loona theka lokha. Miyezi ingapo ulendo usadayambe, mu March 1961, a Burkitt adakamba nkhani pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo mwa omvera mudali a Anthony Epstein, amene adapempha kuti azitumiziridwa tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Adavutika nato pafupifupi zaka zitatu osapeza kanthu. Mu 1964, pamodzi ndi a Yvonne Barr ndi a Bert Achong, adaona kachirombo katsopano m'maselo a chotupacho, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa munthu. Koma kachirombo ka Epstein-Barr kadapezeka kuti kali mwa anthu aakulu oposa 9 mwa 10 alionse pa dziko lapansi, ndipo kamafala kudzera m'malovu, osati mwa udzudzu. Nanga mapu aja ankasonyeza chiyani? Ankasonyeza malungo. Mwana amene malungo amamugwira kawirikawiri kuyambira ali khanda, maselo ake oteteza thupi amachulukana mosalekeza, ndipo mphamvu ya thupi yoletsa kachiromboko imafooka. Pakati pa chipwirikiti chotere, selo limodzi likhoza kusokonezeka malangizo ake a chibadwa n'kuyamba kugawikana kosaima. Kusokonezeka kumeneku, kumene nthawi zambiri kumachitika pakati pa makromozomu 8 ndi 14, kudadziwika m'zaka za m'ma 1970.

Kwa makolo a ana odwala, nkhani yaikulu idali ya mankhwala. Mpeni wa dotolo sukadathandiza, popeza nthendayo imamera malo ambiri nthawi imodzi, ndipo makina owotcha khansa ku Uganda kudalibe. Cha m'ma 1960 a Burkitt adayamba kupempha mankhwala kwa makampani, nayesa methotrexate, kenaka cyclophosphamide ndi vincristine, pamene a Peter Clifford ankachita zomwezo ku Nairobi. Zimene adaona zidadabwitsa ngakhale akatswiri a ku America. Zotupa zazikulu zinkaphwa m'masabata owerengeka, ndipo ana ena adachiriratu atalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri kokha. Kukula msanga kumene kumaiopsetsa nthendayo ndiko kumaigonjetsanso, pakuti mankhwalawa amapha maselo amene ali pakati pogawikana. Pa masiku amenewo ambiri ankakayika ngati mankhwala okha angachize khansa, ndipo ana a ku Uganda ndi Kenya adali m'gulu la mboni zoyamba. Mu 1967 ku Kampala kudatsegulidwa malo apadera ochizira nthendayi, mothandizana ndi bungwe la National Cancer Institute la ku America.

A Burkitt adabwerera ku Britain mu 1966, natembenukira ku kafukufuku wa zakudya zosakonola, zonga mgaiwa wathu, ndi matenda a m'matumbo. Adamwalira mu 1993.

Kuno ku Malaŵi ntchitoyo idapitirira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 a Elizabeth Molyneux ndi a Peter Hesseling adayesa njira zotsika mtengo zoperekera mankhwala omwe aja. Mankhwala amphamvu kwambiri, amene kumaiko olemera amachiza ana pafupifupi 9 mwa 10, adaoneka oopsa kwa mwana wofika ali wowonda ndi wopereŵera zakudya m'thupi, motero adachepetsa mlingo nafupikitsa chithandizo kufika pa mwezi umodzi. Mwa ana amene adalandira chithandizo chimenechi m'zaka za m'ma 2000, pafupifupi theka adapezeka ali bwino patatha chaka. Ambiri mwa amene sadachire adafika ku chipatala chotupa chitafalikira kale m'mimba kapena mu msana.